Dairy mash ya 20 pelesenti ija, tigule kapena ndi kungotaya ndalama?

Angozo: Moni nonse. Ndifunseko, ku shopu kwabwera dairy mash (chakudya chosakaniza kale cha ng'ombe zamkaka) ya puloteni 20 pelesenti, wogulitsa akuti ng'ombe ikadya imeneyo mkaka umachita kusefukira, koma mtengo wake eish, waposa kutalitali ija ya 16 timagulayi. Yanga ikukamitsa malita 12 patsiku. Ndigule?

Anaphiri: Gulani achimwene, ine ndinayesa matumba awiri mkaka unakwera ndithu

Abanda: Unakwera ndi malita angati mayi? Paja yanu inali itangobereka kumene, ikanakwerabe olo mukanaipatsa madeya okhaokha kkkk

Anaphiri: Iii mwayamba bambo inu. Lita imodzi ndi theka, ndimalemba m'kabuku ine sindilota ayi

Alangizi: Angozo tandiuzani kaye, kupatula mash ng'ombeyo ikudya chani?

Angozo: Nsenjere, masangwi a mtedza, lukina tsiku lililonse chifukwa ndili naye wambiri m'malire, ndiye madeya ndimaika akapezeka

Alangizi: Ndiye kwa inuyo ine ndikuti musagule. Lukina yekhayo puloteni wake amapitirira 20 pelesenti, ndipo ng'ombe ya malita 12 ikapeza puloteni 14 kapena 15 pelesenti pa chakudya chonse mukachiphatikiza yakhuta kale. Chimene anthu ambiri sadziwa nchoti mu puloteni muli nayitirojeni, ndipo pa nayitirojeni yense ng'ombe yadya, wolowa mu mkaka ndi kota basi, ikachita bwino kwambiri 30 pelesenti, wina yenseyo amatuluka mu ndowe ndi mkodzo. Mukaonjeza puloteni koma chakudya chopatsa mphamvu ngati madeya chili chochepa, tizilombo ta m'chifu timalephera kumugwiritsa ntchito, amasanduka amoniya, chiwindi chimamusintha kukhala urea kenako impso zimamutaya. Ntchito imeneyonso imadya mphamvu yomwe ikanapanga mkaka. Ndiye ndalama yanuyo ng'ombe imangoikodza.

Abanda: Kkkkk Anaphiri mwamva, matumba awiri aja theka lake linapita mu ngalande

Anaphiri: Koma alangizi nanga bwanji kwa ine unakwera?

Alangizi: Inu mayi mulibe lukina, nthawi ija inali Okutobala mumadyetsa mapesi ndi nsenjere zokhwima zomwe puloteni wake safika olo 8. Yanu inali ndi njala ya puloteni, ndiye inayankha. Mash yomweyo kwa inu ndi yabwino, kwa Angozo ndi yongotaya

Gogo Nambewe: Ana inu, zotaya mukunenazo ine sindikuziona. Mkodzo si manyowa kodi? Wanga umatsikira mu dilamu, ndimasungunula ndi madzi nkuthira ku mpiru, bwerani mudzaone masamba ake. Ikakodza wamphamvu ndiye bwinonso

Alangizi: Agogo inu mukuchita bwino kutchera mkodzowo, ambirife makola athu ndi a dothi umangolowa pansi. Koma werengani mtengo. Feteleza wa urea wa m'thumba ali ndi nayitirojeni 46 pelesenti, soya wa mu mash ali ndi 7 chabe, ndiye kugula soya kuti adutse mu ng'ombe akakhale feteleza ndi njira yodula kwambiri. Chinanso mkodzo ukangokumana ndi ndowe urea ija imayamba kusanduka amoniya nkuuluka tsiku lomwelo. Fungo lija limakuwawani m'maso mukalowa m'khola m'mawa ndi feteleza wanuyo akuthawa. Dilamulo muzivundikira

Gogo Nambewe: Ndimaika lata pamwamba mwana wanga, sindinayambe dzulo

Angozo: Nanga munthu ungadziwe bwanji kuti wapyoza muyezo? Zoti ndizinunkhiza mkodzo ayi

Alangizi: Kumaiko akunja amayeza urea mu mkaka momwemo, ikakhala pakati pa mamiligalamu 10 ndi 14 pa mamililita 100 aliwonse a mkaka ndiye zili bwino, ikafika cha m'ma 18 kupita mtsogolo puloteni akutayika ndipo ng'ombe zotero nthawi zina zimavuta kutenga bere. Ife ku bulking kosonkhanitsira mkaka kuja timangoyeza ngati mkaka wathiridwa madzi ndi kachipangizo kotchedwa lactometer komanso kusasa, ndiye dalirani kabuku. Ndowe zikakhala zamadzimadzi pomwe ng'ombe sikudwala ndipo sinadye msipu wanthete, khola likununkha kwambiri, mkaka osakwera, kayikirani puloteni

Abanda: Ine yanga ndinabayitsa umuna katatu chaka chatha osagwira, ndimaipatsa soya wokazinga wambiri ndithu poganiza kuti ndikuikonda. Mwina nkhani yake ndi yomweyi

Alangizi: Mwina, koma zolepheretsa bere nzambiri bambo, tisamangirire pa soya yekha

Anaphiri: Ine ndigulabe mpaka mvula igwe, msipu ukaphuka ndibwerera ku ya 16

Angozo: Chabwino ine ndasiya, ndalamayo ndigulira madeya matumba atatu asanakwerenso, ndiyese masabata awiri ndikulemba malita. Alipo akudziwa wobweretsa molasses, zamadzimadzi zakuda zotsala popanga shuga zija, kuchokera ku Nchalo? Ndikufuna chigubu chimodzi

Abanda: Ndikufunsirani mlamu wanga, amapitako Lachisanu