Zithunzi zogwedera zija ndinaziikadi pa chionetsero

Anzanga, paja ndinafunsa ngati zithunzi zanga za oimba zomwe zinatuluka zogwedera, kuwala kuli mizeremizere, ndingaziike pa chionetsero kapena ndingozisiya mu kompyuta. Ambiri munati ndiike, ena munati anthu aziona ngati kamera inali yowonongeka. Basi ndinalimba mtima, Loweruka madzulo tinatsegula, ojambula tinalipo anayi.

Pomwe anthu anaunjikana kwambiri ndi pa chithunzi cha woimba ng'oma chomwe ndinajambula ku Tumaini Festival ku Dzaleka, ku Dowa kuja. Shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, ndinaisiya yotsegula kwa 1/4 ya sekondi, flash ndinaitchera pa rear curtain kuti iwale kumapeto shutter ikamatseka, ndiye manja akuoneka ngati utsi koma nkhope ili gwa, mpaka thukuta likuoneka pachipumi. Mayi ena achikulire anaima pamenepo nthawi yaitali kenako anandiuza kuti ng'omayo akuimva m'makutu. Ine misozi inalengeza m'maso, sindikunama.

Malangizo anu a pepala aja anathandiza zedi, tinaprinta pa pepala losanyezimira la matte osati lonyezimira la glossy chifukwa mababu a muholo akanamanyezimira pa zithunzi zakuda zija, anthu n'kumangodziona okha. Pa zithunzi zomwe ndinajambula pa ISO 6400, nditakweza mphamvu ya kamera yoonera mumdima, timadontho tikuonekadi pa pepala lalikulu la A2 koma pa black and white tikukoma, ndazisiya choncho.

Pomwe ndinaphonya ndi pa timapepala ta m'munsi mwa zithunzi, ndinalemba malo okha osalemba mayina a oimba, pomwe popanda iwo chithunzi palibe. Zandiwawa ndithu, mawa ndikasintha tonse. Tikhala tikuonetsa mpaka kumapeto kwa mwezi, bwerani mudzaone nokha.