Mnzathu wa ku Chanco akuvutika atapuma ntchito, timuthandize bwanji osamuchititsa manyazi?

Admin chonde dzina langa lisaoneke, ena mwa anthu ndikunenawa ali momuno. Ndine mayi, ndinapuma ntchito m'boma nditakwana zaka 60. Tili ndi gulupu ya pa WhatsApp ya ife amene tinapanga Education ku Chancellor College ku Zomba m'ma 80, nthawi imene yunivesite inali imodzi yokha m'dziko muno, Bunda, Poly ndi KCN zonse pansi pa University of Malawi. Tonse tinayambira kuphunzitsa ku sekondale koma ena anataya choko msanga, makamaka 1994 itadutsa mabungwe atachuluka, pano ali ndi nyumba za lendi ku Area 47 ndi ku Namiwawa. Ena anakaphunzitsa ku Botswana nkubwerako ndi magalimoto, wina ali ku Leicester kwa ana ake amangotitumizira zithunzi. Ndiye pali ife amene tinakakamira boma mpaka imvi, tikudalira penshoni yomwe chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 yangotsala ya sopo ndi mchere.

Nkhani ndi ya mnzathu wina, bambo amene mkalasi anali patsogolo, mayeso akayandikira tonse timathamangira kwa iyeyo. Anakhala hedi zaka zambiri, kuyambira masukulu aja akadali ma DEC (Distance Education Centre) mpaka kusanduka ma CDSS. Gratuity yake anamalizira nyumba kwawo ku Ntcheu, yotsala anagula minibasi yomwe madalaiva ndi makondakitala anaimaliza iye akungowerenga ngongole za ku garaji. Mkazi wake anatisiya, iye ali ndi shuga ndi BP, maso akuchita khungu, komanso akulera zidzukulu za mwana wake yemwe anapita ku Joni ndipo sakumveka. Pa gulupu simungadziwe, m'mawa uliwonse amatumiza vesi ndi moni. Nditakamuona ndinamusiyira envelopu, anandibwezera nkuti amayi ine sindinafike popemphetsa.

Chikundiwawa nchakuti gulupu yathu imadzuka pa maliro pokha. Wina akamwalira ndalama zimagwa pa Airtel Money ndi Mpamba tsiku lomwelo, nkhata, bokosi lapamwamba, mpaka basi yopitira kumudzi. Koma nditanena kuti tiyambe thumba la odwala kunangoti zii, kenako mmodzi wa olemera aja analemba kuti digiri tinalandira yofanana aliyense anasankha yekha njira. Ndiye akuluakulu ndipange bwanji, ndiulule pa gulupu mmene alili olo iye sakufuna? Kapena ndingokhala chete?

Mayankho

Mphunzitsi wopuma, Kasungu: Amayi musaulule, mumupha ndi BP yomweyo. Munthu amene ana a mudzi onse amamuti ahedi, chomwe watsala nacho ndi ulemu umenewo basi. Itanani anzanu ochepa amene mukudziwa mtima wawo, muyankhulane pambali.

Mtsikana wa ku Chilomoni: Bambo anga anali chimodzimodzi, ndalama m'manja amakana koma thumba la ufa ukalisiya kukhitchini samalibweza. Osamupatsa cash mayi. Feteleza nyengo ya dzinja, fizi ya zidzukuluzo kulipira kusukulu konko, mankhwala a shuga mwezi ndi mwezi. Ndipo za masozo musachedwe nazo, shuga amaononga maso mwakachetechete, mupite naye ku chipatala cha maso ku Nkhoma kapena ku Queens akamuone, ngati ndi ng'ala amachotsa.

Mdala wa ku Area 25: Ine ndinena zowawa. Anthu opuma ntchito timadzipha tokha ndi minibasi ndi chigayo, bizinesi yoti sunaipangepo moyo wako onse ukaiyambe uli ndi zaka 60 ndi ndalama zako zomaliza? Komabe mawu a mnzanu wolemerayo ndi achipongwe. Amene anatsala mkalasi ndi amene anaphunzitsa ana a dziko lino pamene enawo amadya ma allowance ku Mangochi.

Mayi wa ku Mzuzu: Eeh mdala mwalasa. Koma amayi vuto la thumba la odwala ndi loti anthu amaopa kuti lidzangothera anthu omwewomwewo, ndiye musalitchule la odwala kapena la ovutika. Ife a nesi amene tinamaliza limodzi timapanga ngati chipereganyu, aliyense amaponya kangachepe pamwezi olo amene alibe, ndiye mwezi uliwonse timakachezera mmodzi kwawo ndi katundu, olemera ndi osauka omwe. Ikafika nthawi ya wovutikayo timangoonjezera mwakachetechete, iye amaona ngati ndi turn yake basi. Msungichuma akhale awiri ndipo ndalama zizilengezedwa pa gulupu, apo ayi mudana muukalamba.

Mnyamata wina: Agogowo ngati mutu ukugwira bwanji osawapezera ana a Form 4 aziwaphunzitsa pakhonde? Inuyo muzilipira fizi ya anawo mobisa, iwo azilandira ngati malipiro a thukuta lawo.

Mwini funso: Zikomo nonse, sindiulula. Za chipereganyu chochezeranazi ndazikonda ndipo ndayankhula kale ndi anzanga awiri, wa ku Leicester uja wavomera kumalipira mankhwala. Za part time ndikaona kaye za maso chifukwa panopa olo vesi ija amamulembera ndi mdzukulu. Tiyambira kukachezera wina kuti asatulukire. Amene mukudziwa masiku a kiliniki ya maso ku Nkhoma ndipatseni ku inbox, komanso ngati pamafunika kalata yochokera ku chipatala cha ku Ntcheu.