Za kosi ya mapampu ija ndinafunsa

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti kosi ya mapampu ndingaipeze kuti muno mu Harare, zikomo kwambiri inu amene munandilozera ku Msasa, ndayamba basi. Tsiku loyamba tinamasula pampu ya centrifugal, impela yake (kagudumu ka mapiko kamene kamazungulira mkati nkumakankha madzi) yodyekadyeka ngati aiteketa makoswe, aphunzitsi akuti imeneyo ndi cavitation, madzi akamavuta kolowera timathovu timaphulika mkatimo nkumadya chitsulo, pampu nkumalira ngati mwathiramo miyala. Ine phokoso limenelo ndinkangoti ndi ma bearing! Nayo gland packing, chingwe chotsekera madzi pamene shafti (mtsulo wozunguza impela) imalowera mu pampu, ndinkaimanga mpaka isiye kudontha, koma kunali kulakwa, imafunika izidontha pang'ono kuti shafti isatenthe. Pampu ya pachitsime pathu ku Mufakose inkangotaya madzi usiku, vuto linali foot valve, valavu ya kunsi kwa paipi yoletsa madzi kubwerera m'chitsime, ndinasintha Loweruka, pano ikukoka bwinobwino.