Funso: Zello ingatithandize ife a kabaza pa Lizulu?

Akuluakulu moni nonse, a Admin mundilole. Ndine wapampando wa siteji ina ya kabaza wa njinga zamoto pano pa Lizulu, tilipo anthu 23. Sabata yatha mnzathu ananyamula munthu cha m'ma 7 koloko usiku. Ali m'njira mtima unamugunda, ndiye kasitomala uja atatsika kuti akataye madzi, iye anajambula voice note msangamsanga n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp. Palibe anaitsegula. Ena tinali pamsewu, ena tikudya nsima. Pamene tinkaimva n'kuti njinga itapita kale, mwini wake ali ndi bala pamutu.

Mphwanga amene amaphunzira ku Lilongwe wandiikira Zello mufoni. Akuti imagwira ngati ma ova-ova a apolisi: ukanikiza batani n'kulankhula, onse akumva pompopompo osachita kutsegula uthenga. Koma anangoika n'kukwera minibasi, ine kutsala kukamwa yasa. Tiyambire pati? Imalowa pa bandulo ya WhatsApp? Chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti akubawo asamamvere nawo, chifukwa ena timadya nawo chipisi pa chiwaya chimodzi pamsika pompano.

Bambo a Tadala: Bwana wapampando, pepani ndi zomwe zinaonekazo. Bandulo ya WhatsApp iwalani, Zello imafuna bandulo ya intaneti wamba, kaya ndi Airtel kaya TNM. Ndiponso si wailesi yeniyeni, pamene palibe netiweki nayonso ili duu. Ku America mu 2017 anthu anaigwiritsa ntchito populumutsana pa namondwe Harvey, mpaka ena kumaganiza kuti imagwira popanda intaneti. Eni ake anachita kulengeza kuti ayi.

Nachisale: Kayambidwe kake n'kosavuta. Aliyense aitsitse pa Play Store, atsegule akaunti ndi dzina lake komanso password yakeyake. Inu mutsegule channel imodzi, kutanthauza gulu lolankhuliranamo nonse pa Zello, koma apa ndi pamene ambiri amagwa. Ma channel ena ndi apoyera, munthu aliyense akasaka dzina amalowa n'kumamvera ali phee. Yanuyo ikhale yotseka, wolowa muzichita kumuvomereza. Dzina lake lisakhale "Kabaza Lizulu", mupatseni dzina losadziwika bwino. Mayina a anyamatawo muwalembe mu kope, ndipo munthu muzimulowetsa ali pamaso panu, foni ili m'manja.

Wapampando: Zikomo mayi. Nanga zoti mawu pa Zello amakhala okhomedwa kuti wina asawabere ndi zoona?

Nachisale: Mukamalankhulana anthu awiri okha, eni ake a Zello amati mawu amabisidwa kuchoka pa foni yanu mpaka ya mnzanu, ngati mmene WhatsApp yakhala ikuchitira kuyambira 2016. Koma inu vuto lanu silili pa munthu wobera mawu m'malere. Lili pa amene ali mkati mwa channel, ndi amene wakhala kumbuyo kwa njinga.

Mdzukulu wa Gomani: Apo mayiwa alasa. Foni ikamafuula pa sipika, kasitomala amene mukumukayikirayo akumva zonse, mwinanso mwamufulumizitsa. Gulani ma earphone okhala ndi batani, khutu limodzi lokha mkati mwa chipewa, linalo lizimva magalimoto a pa M1. Mugwirizanenso mawu achinsinsi. Kwathu ku Tsangano munthu akati "kachewere wavunda" timadziwa kuti zavuta, atchulenso pamene ali basi. Inu musankhe anu, awa ndawaulula kale. Foni ikabedwa, muchotseni munthuyo mu channel usiku womwewo, osadikira msonkhano wa Loweruka.

Chimwemwe wa pa Boma: Ine ndimakonza mafoni ku Dedza, ndiye mverani izi. Ma itel ndi Tecno ambiri amapha app ikakhala kuseri pofuna kusunga batire, ndiye munthu amangoona kuti kuli zii, kumati anzake sakulankhula. Lowani mu Settings, pa Battery, muilole Zello iziyenda nthawi zonse, komanso muilole kugwiritsa ntchito maikolofoni. Status ikhale pa Available. Mukaika Busy mawu samveka nthawi yomweyo, amangosungidwa, mwabwereranso ku vuto la voice note lija. China, inu a Lizulu muli pa malire enieni, kuoloka msewu ndi Mozambique. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki imatha kulumphira pa Vodacom kapena Movitel, data yanu n'kuduka. Sankhani netiweki pamanja.

Bambo a Tadala: Ndiwonjezere: lamulo likhale lakuti channel ndi ya ntchito. Mukalola za Bullets ndi Wanderers, pakutha sabata aliyense adzatsitsa volume, ndipo tsiku la ngozi palibe adzamve.

Wapampando: Hahaha, amenewo ndi anyamata anga enieni. Tayesa masana ano anthu atatu, mmodzi ndinamutuma njira ya ku Mlangeni. Mawu amafika bwino, koma malo ena amadukaduka. Ya mnzathu wa itel inali chete mpaka titakonza za batire zija. Achimwene a pa Boma, ma earphone a batani aja kwanuko akupezeka pa zingati? Anayi mwa anyamata anga ali ndi mafoni a mabatani, amenewo tichita nawo bwanji?