Mpanda wosocheretsa wa ku Hampton Court, mawondo anga apirira?

Nachisale, Ulónguè:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku London, ndipo mu Seputembala ndikupita kukaona mdzukulu wanga. Akuti adzanditengera ku Hampton Court Palace, nyumba yakale ya mafumu m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Wanditumizira chithunzi cha mpanda wa mitengo wokhotakhota umene anthu amalowamo n'kumasochera mpaka atapeza pakati pake. Ine mawondo amandivuta, pochokera kudimba ndimapumula kawiri ndisanafike pakhomo. Alipo anafikako? M'katimo mumayendedwa nthawi yaitali bwanji?

Bambo Phiri, Moatize:
Mayi, musade nkhawa. Ine ndinafikako ndi mphwanga, tinakwera sitima pa siteshoni ya Waterloo mu London, mphindi ngati 35 tafika. Malo a mpandawo ndi ochepa, sakwana ngakhale kotala ya hekitala, ndipo njira zonse pamodzi ndi mamita pafupifupi 800. Ife tinafika pakati patatha mphindi 20, titabwerera katatu pamene njira inathera. Mpandawo unadzalidwa m'zaka za m'ma 1690, nthawi ya Mfumu William III. Mitengo yake ndi yew, yothithikana, yaitali kuposa munthu, moti mawu a mnzako umawamva pafupi koma iyeyo osamuona. Tinjirato n'topapatiza, mukakumana ndi anthu mumachita kupatukirana. Mdzukuluyo mum'gwire dzanja, ndipo asaike tsamba mkamwa, mtengowo ndi wa poizoni monga nkhadze ya m'mipanda yathu.

Malume a ku Tsangano:
Achemwali, inu ndinu mlimi, mphamvu zanu musakazithere mumpandamo. Ku Hampton Court komweko kuli mpesa umene unadzalidwa mu 1768 motsogozedwa ndi woyang'anira minda Lancelot Brown, ndipo mpaka lero ukubereka. Uli m'nyumba yagalasi, nthambi zake zinayala denga lonse, tsinde lake n'lonenepa moti ndinakayika ngati ndi mpesadi. Koma chimene chinandiimika nthawi yaitali chili panja. Pambali pa nyumbayo pali kamunda kopanda mbewu iliyonse, dothi lokhalokha lothiridwa manyowa. Sadzalapo kanthu chifukwa mizu ya mpesawo ili pansi pamenepo, safuna chomera china chiziulanda chakudya. Ine amene ndimadzala mbatatesi mpaka m'tsinde mwa mapichesi anga ndinabwerako ndili ndi maganizo ena, chaka chino ndawasiyira malo. Mwezi mukupitawo ndi umene amathyola mphesazo n'kumagulitsa kwa alendo.

Nachisale, Ulónguè:
Zikomo nonse. Mamita 800 ndingathe, bola ndiyambe m'mawa mawondo asanatupe. Ndamuuza mwana kuti tidzayambire kumpesako, kumpanda tidzapite pambuyo. Malume, manyowawo anali a ng'ombe kapena a masamba? Ndikufuna ndikafunse bwino, chifukwa mpesa wanga wa kuseri kwa khitchini wangoyanga masamba zaka zitatu osabereka.