Kalasi ya Loweruka kapena madesiki?

Wapampando: Abale, nkhani ija yabweranso. Ena akuti ndalama za m'thumba la gulu lathu tiyambitsire kalasi ya Loweruka pa sukulu, ana aziphunzira chiyankhulo cha makolo. Ena akuti tigule madesiki. Yankhulani.

Msungichuma: Madesiki kaye. Ana akukhala pansi. Chiyankhulo aziphunzira kunyumba.

Aphunzitsi opuma: A Msungichuma, kunyumbako amayankhula ndithu, vuto limayambira pa geti la sukulu. Mwana akangolowa amazindikira kuti chiyankhulo cha agogo ake n'chapabwalo, cham'kalasi n'china. Akamakula amayamba kuyankha kuti "sindimva" pamene akumva bwinobwino, ena mpaka kubisa dzina la kwawo. Inenso ndinalangapo ana chifukwa choyankhula chakwawo, lero manyazi amandigwira. Ku Wales m'zaka za m'ma 1800 mwana woyankhula Chiwelishi ankamukoleka kathabwa m'khosi, kotchedwa Welsh Not, ndipo wotsala nako poweruka ankalangidwa. Chilango chotere chimaphunzitsa mwana kuti kwawo n'kochititsa manyazi, ndipo phunziro limenelo saliiwala.

Mayi a mapasa: Zoona aphunzitsi, koma anga bambo awo ndi a mtundu wina. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, ife ndife a mtundu wanji?" Ndinasowa choyankha. Kalasiyi isakhale malo ofunsana kuti weniweni ndani, apo ayi anga sadzapondako.

Aphunzitsi opuma: Pamenepo mwalasa, mayi. Mwana wa ziyankhulo ziwiri sali theka kuno theka uko, konseko ndi kwawo. Wophunzitsa asaseke katchulidwe ka mwana, akamuseka kamodzi watseka pakamwa mpaka kalekale.

Achimwene a kunja: Pepani ndalowa mochedwa, kuno nthawi ndi ina. Ku New Zealand a Māori, anthu oyamba kukhala m'dzikolo, anayambitsa sukulu za mkaka zotchedwa Kōhanga Reo mu 1982, chiyankhulo chawo chitayamba kuzilala. Anasonkhanitsa tiana pamodzi ndi agogo, n'kumangocheza nato m'chiyankhulocho tsiku lonse. Ife agogo tili nawo, chipinda chilipo. Ndalama zambiri zipita kuti?

Msungichuma: Achimwene, agogowo adzabwera ulere Loweruka lililonse? Ndipo ana a mitundu ina omwe ali pa sukulu yomweyo tiwabweza pakhomo?

Mayi a mapasa: Alowe onse, bwanji? Anga angasangalale kuona anzawo nawonso akuphonya mawu.

Wapampando: Chabwino. Aphunzitsi, kakambiraneni ndi a hedi za chipinda. A Msungichuma, tibweretsereni mtengo wa madesiki. Lamlungu tivota.

Msungichuma: Ndibweretsa, koma ine ndikadali pa madesiki.