Kodi nkhuku zakumudzi zingakule msanga popanda kutaya kukoma kwake?

Mayi a ku Makeni:
Ndikuweta nkhuku zakumudzi, ndipo ogula a ku Soweto Market, msika waukulu wa mu Lusaka, amazifuna kwambiri kuposa mabroila, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Chondivuta n'chakuti zimatenga miyezi 5 kapena 6 kuti zifike pogulitsidwa, pamene broila imakhala itakwana pa masabata 6. Ena akundilangiza kuti ndibweretse tambala wa Sasso kapena Kuroiler, mitundu ya nkhuku yochokera kunja, kuti azikwera nkhuku zanga. Kodi ndikatero, nyama yake idzakomabe?

Mlimi wa ku Chongwe:
Mayi, chimene ogula anu akulipira ndi msinkhu wa nkhukuyo ndi kuyenda kwake. Nkhuku imene yatha miyezi ikupalasa pansi, kutola chiswe, ziwala ndi masamba, minofu yake imalimba, nyama ya m'ntchafu imaderako, ndipo ikaphikidwa pang'onopang'ono pambaula imatulutsa msuzi wogwira umene broila singapereke. Sasso inachokera ku France ndipo Kuroiler ku India. Zonsezi zimakula msanga, koma mukazipha zili zanthete, wodya amazindikira pa nthuli yoyamba. Ine ndinganene kuti musayambe ndi kusintha mtundu. Yambani ndi anapiye, chifukwa masabata 8 oyamba ndi pamene ambiri amapinimbira kapena kufa ndi njala, kuzizira ndi akabawi. Atsekereni m'khola louma, muziwapatsa gaga wosakaniza ndi soya wokazinga kapena zotsalira za kapenta, ndi madzi oyera tsiku lililonse. Soya wosakazinga musawapatse, popeza amasokoneza kugaya chakudya m'mimba.

Bambo a ku Kafue:
Ndikugwirizana nanu, achimwene, koma kusakaniza mitundu sindikukukana kotheratu, chifukwa kwa wofuna mazira ndi ndalama zamsanga kumathandiza. Chimene chimandipweteka ndi kugulitsa nkhuku yosakaniza ngati yakumudzi yeniyeni, poti zimenezi zikuwononga chikhulupiriro cha ogula kwa tonsefe. Dziwaninso, mayi, kuti Sasso ndi Kuroiler sizikonda kufungatira mazira, choncho musataye misoti ndi mathadzi anu akale.

Mayi a ku Chilanga:
Zonsezi n'zachabe ngati chitopa chalowa m'khola, makamaka nyengo yotentha isanagwe mvula. Muzipereka katemera pakapita miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ndipo nkhuku yobwera kuchokera kumsika muziyamba mwaiika payokha kwa masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake.